Mpweya wa m'matayala a galimoto yothamanga: njira zinayi ndi momwe iliyonse imadyera tayala

Eni ake a Golf GTI, Toyota 86, Nissan 350Z, Subaru WRX ndi ma BMW otsitsidwa muno mu Harare amakonda kufunsa nambala imodzi: tayala ndilipope mpaka pati? Vuto lake n'lakuti tayala lili ndi manambala awiri, ya pamene lazizira ndi ya pamene latentha, ndipo mukamayendetsa galimoto mwamphamvu manambala awiriwa amatalikirana kwambiri. Pamsewu wamba nambala yofunika ndi yam'mawa, galimoto isanasunthe. Pabwalo la mpikisano ngati la Donnybrook, yofunika ndi ija mumaipeza mutangotuluka m'bwalo, mphira idakali yotentha moti simungaisiye chikhatho. Njira zonse zimene anthu amatsatira zimasiyana pa mfundo imeneyi.

Tiyambe ndi masamu ochepa. Bar, psi ndi kPa ndi miyeso ya mphamvu ya mpweya imene geji imaonetsa. Bar imodzi ndi 14.5 psi, kapena 100 kPa, choncho 2.2 bar ndi 32 psi. Mpweya wa m'tayala ukatentha ndi madigiri 10, geji imakwera pafupifupi 0.1 bar. M'mawa wa July mu Harare kumazizira mpaka madigiri 7, pamene masana a October amafika cha m'ma 30. Tayala limene munalipopa masana padzuwa likhoza kuwerenga 0.2 bar yochepa m'mamawa wozizira popanda msomali uliwonse. Pabwalo, mpweya wam'kati umachoka pa madigiri 20 n'kufika pa 70 mutangozungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndiye kuti 0.5 bar yowonjezera imene simunapope.

Palinso nkhani ya kutalika kwa malo. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490, ndipo geji imayeza kusiyana kwa mpweya wam'kati ndi wakunja. Galimoto imene inapopedwa 2.2 bar kudoko la Durban imawerenga cha m'ma 2.35 ikafika kuno. Amene mumapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, mukatsikira ku Tete zimatembenuka: kutsikako kumachotsa cha m'ma 0.15 bar, koma kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumaibisa, geji n'kumaonetsa nambala yokwera. Mukaima pamenepo n'kuchotsa mpweya poganiza kuti wachuluka, mudzadzuka ku Blantyre ndi matayala ofewa. Paulendo wautali, tayala lotentha silichotsedwa mpweya.

Njira yoyamba: nambala ya pachitseko, kulikonse

Pachitseko cha dalaivala, kapena mkati mwa kachitseko ka mafuta, pali kapepala ka opanga galimoto. Toyota 86 ya matayala a 215/45R17 imalemba 2.4 bar, Mazda MX-5 imalemba 2.0 bar. Nambalayi ndi ya tayala lozizira, kutanthauza kuti galimoto yakhala chiimire maola atatu, kapena yayenda makilomita osapitirira awiri pang'onopang'ono. Musaisokoneze ndi ija yolembedwa pakhoma la tayala pafupi ndi mawu akuti Max Press. Imeneyo ndi malire, ndipo anyamata ena opopa matayala amaiwerenga ngati lamulo.

Kwa munthu woyenda m'tauni ndi pamsewu wa Masvingo, pamene malire a liwiro ndi 120 km/h, njira imeneyi ndi yolondola ndipo tayala limadyeka mofanana. Imalephera mukalowa nayo m'bwalo. 86 yolowa ndi 2.4 imatuluka ndi 2.8 kapena 2.9. Tayala limatupa pakati, malo ogunda pansi amachepa, pakatipo pamapsa, ndipo galimoto imayamba kutsetsereka pamakona amene poyamba imagwira bwino. Dalaivala amaganiza kuti matayala atha, pamene angokhuta mpweya.

Njira yachiwiri: kuchotsa mpweya kuti tayala ligwire

Iyi ndiyo njira yokondedwa ndi anyamata a mipikisano ya mtunda wowongoka, ndipo pamenepo ili ndi nzeru yake: matayala oyendetsa akafewa, malo ogunda pansi amatalika ndipo galimoto imanyamuka osapalasa kwambiri. Cholakwika ndi kubwera nayo 1.5 kapena 1.6 bar ija pamsewu wa tsiku ndi tsiku.

Tayala lofewa limapindika khoma nthawi iliyonse likazungulira, ndipo pa 120 km/h limazungulira maulendo oposa 16 pa sekondi. Kupindikako kumabala kutentha mkati mwenimweni, pamene mphira imamatirana ndi mawaya. Kunja simuona kanthu mpaka tsiku limene mizere yonse idzasupuke. Mapewa onse awiri amadyeka pakati pali bwinobwino, chiwongolero chimachedwa kuyankha, ndipo pakona yamphamvu tayala limagonera khoma.

Muno mu Harare pali zifukwa zina ziwiri zoikanira njirayi. Choyamba ndi maenje. Tayala la 225/40R18 lili ndi khoma la mamilimita 90 okha, ndipo gawo lina la khomalo labisika m'rimu. Likagunda mlomo wa dzenje lili lofewa, khoma limapanikizika pakati pa rimu ndi phula, ulusi wam'kati umaduka, ndipo mawa lake mumapeza chotupa ngati dzira. Chotupacho sichimatidwa; tayala lapita, mwinanso rimu yapindika. Chachiwiri ndi mvula ya November mpaka March. Akatswiri a NASA anaonetsa mu 1963 kuti liwiro limene tayala limayambira kuyandama pamadzi limatsika pamene mpweya ukutsika. Mwa kawerengedwe kawo, pamadzi akuya tayala la 2.2 bar limayandama cha pa 94 km/h, la 1.6 bar cha pa 80 km/h. Madzi akadzadza pa Seke Road, kusiyana kumeneku n'kokwanira kukuponyerani m'ngalande.

Njira yachitatu: kuwonjezera pang'ono

Kuwonjezera 0.1 kapena 0.2 bar pamwamba pa nambala ya pachitseko ndi chimene ife timalangiza pamisewu ya kuno kwa aliyense wa matayala a khoma lalifupi. Khoma limalimba, rimu imatetezeka, chiwongolero chimayankha msanga. Mumalipira ndi msana wanu, chifukwa galimoto imagunda kwambiri, ndiponso pakati pa tayala pamadyeka mofulumirirapo. Mukapitirira 0.3 phindu limatha: kugwira kumachepa, mtunda woimira mabuleki umatalika, ndipo matayala amathera pakati msanga kuposa kale.

A gusheshe, anyamata a masewero ozunguza ma BMW akale, opalasa matayala kuti afuke utsi amapopa akumbuyo kwambiri mwadala kuti asagwire. Awo tayala ndi nkhuni, alibe nkhani ya kusamala, ndiye musatengere nambala kwa iwo.

Njira yachinayi: kuyeza tayala lili lotentha

Iyi ndiyo njira ya pabwalo, ndipo ndi yokhayo imene imayankha funso limene tayala likufunsa. Imafuna geji yanuyanu yokhala ndi kabatani kochotsera mpweya, pampu yolumikiza ku batire, choko, kope, ndi munthu mmodzi wokuthandizani. Mageji a pamalo omwetsera mafuta amagwetsedwa tsiku lonse ndipo amasiyana mpaka 0.2 bar. Geji imodzi yolakwika pang'ono imene mumagwiritsa ntchito nthawi zonse iposa mageji asanu olondola mosiyanasiyana.

Poyambira pake ndi apa. Matayala a msewu pa galimoto ya makilogalamu 1,200 mpaka 1,500 amagwira bwino akakhala pakati pa 2.3 ndi 2.5 bar ali otentha. Matayala a mpikisano a mizere yochepa, amene khoma lawo n'lolimba, amafuna cha m'ma 2.0 mpaka 2.3. Galimoto yolemera imafuna nambala yakumtunda, yopepuka ngati MX-5 yakumunsi. Ngati opanga tayala lanu analemba nambala yawoyawo ya pabwalo, tsatirani yawoyo.

M'mawa lembani nambala ya tayala lililonse ndi kutentha kwa kunja. Chotsani cha m'ma 0.3 bar pa nambala ya pachitseko, koma musatsike pansi pa 1.8. Jambulani mizere itatu ya choko patayala lililonse, kuchokera paphewa kutsikira pakhoma. Maulendo awiri oyamba zungulirani modekha osakwera miyala ya m'mphepete mwa makona, chifukwa tayala lozizira komanso lofewa ndi pamene limavulala mosavuta. Kenaka thamangani maulendo anayi kapena asanu, lowani, ndipo mnzanuyo ayeze nthawi yomweyo, kuyambira tayala limene likugwira ntchito kwambiri. Ngati bwalo lili ndi makona ambiri okhotera kumanja, limenelo ndi lakutsogolo kumanzere. Mphindi ziwiri zokha zochedwa zimasintha nambala. Chotsani mpweya mpaka tayala lililonse lifike pa nambala imene mukufuna, tulukaninso, yezaninso. Kawirikawiri paulendo wachitatu manambala amakhazikika.

Matayala akadzazizira mudzaona kuti onse anayi ali ndi manambala osiyana, mwina 1.8 kutsogolo kumanzere ndi 2.1 kumbuyo kumanja. Musadabwe, n'zimene zimafunika. Lembani manambalawo; ndiwo poyambira panu ulendo wina nyengo ikadzafanana.

Choko chimakuuzani ngati tayala likugona. Chikafufutika mpaka paphewa pamene mizere yathera, zili bwino. Chikafufutika mpaka pa zilembo za pakhoma, tayala likugonera mbali, ndipo wonjezerani 0.1 kapena 0.2. Ngati mwawonjezera koma likugonabe, vuto lachoka ku mpweya lapita ku camber, kupendekera kwa tayala mkati, imene tiikamba posachedwa.

Amene ali ndi choyezera kutentha amayeza malo atatu: mkati, pakati ndi kunja kwa mizere. Mkati muzitentha kuposa kunja ndi madigiri 5 mpaka 10, ndipo pakati pazikhala pakatikati pa ziwirizo. Mukapeza 80, 88, 72, mpweya wachuluka. Mukapeza 80, 70, 76, wachepa. Mukapeza 70, 78, 88, camber ndi yochepa. Choyezera cha singano yobaya mphira chimaposa cha kuwala, chifukwa pamwamba pa tayala pamazizira msanga mukangosiya kuthamanga.

Mpweya umasinthanso khalidwe la galimoto. GTI imene ikukana kukhota, mphuno ikulunjika kunja kwa kona, nthawi zambiri imakhala kuti matayala akutsogolo akhuta. Abwezereni pa nambala yake musanayambe kuwonjezera kumbuyo. Kuwonjezera kumbuyo kumathandizadi galimoto kukhota, koma kumatero pochepetsa kugwira kwa kumbuyoko. Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, 0.1 bar basi.

Ngozi yaikulu ya njirayi imabwera madzulo. Munthu watopa, wasangalala, akulowa mu Arcturus Road ndi matayala amene akazizira adzakhala 1.8. Musanatuluke pageti, popani onse mpaka 0.2 kapena 0.3 pamwamba pa nambala ya pachitseko ngati adakali ofunda, ndipo m'mawa mwake muwakonze bwinobwino.

Nayitrojeni kapena mpweya wamba

Mpweya umene timapumawu uli kale ndi nayitrojeni 78 peresenti. Nayitrojeni naye amakwera akatentha, mofanana ndi mpweya wouma. Ubwino wake weniweni ndi kuuma. Kompresa imene thanki yake sakhetsa madzi imalowetsa chinyezi m'tayala, ndipo madziwo akatentha amakweza geji mosadziwika bwino, tayala lina kwambiri lina pang'ono. Ngati mumathamanga pabwalo kawirikawiri, nayitrojeni amathandiza kuti manambala azibwereza. Koma poti tsiku lililonse la pabwalo mumachotsa n'kupopanso ndi pampu yanu, posakhalitsa mwabwerera ku mpweya wamba. Pamsewu, tizivundikiro tobiriwira ta pavalavu sitikuchotserani ntchito yoyeza milungu iwiri iliyonse. Nyali ya TPMS, yochenjeza dalaivala kuti mpweya wa tayala watsika, nayonso si geji: imayaka mpweya utatsika kale ndi 20 kapena 25 peresenti.

Pamene mpweya ulibe mlandu

Matayala ambiri amene amabwera atadyeka mbali imodzi sanaphedwe ndi mpweya. Yendetsani chikhatho modutsa mizere. Ngati kupita uku kuli kosalala koma kubwerera kukukanda, ndi toe. Toe ndi kulozerana kwa matayala, ndipo dzenje limodzi lamphamvu limaisuntha. Pa rimu ya mainchi 17, toe yolakwika ndi mamilimita atatu, kuphatikiza matayala onse awiri, imakhwekhwereza tayala lililonse cham'mbali mamita atatu ndi theka pa kilomita iliyonse. Kuchoka ku Harare kukafika ku Mutare, mtunda wopitirira makilomita 260, tayalalo lakhwekhwerezeka pafupifupi kilomita yathunthu. Ndiye chifukwa chake tayala latsopano limaonetsa waya mkati pakangotha miyezi yochepa, kunja kukuoneka kwatsopano.

Anthu amathamangira kuimba mlandu camber, kupendekera kwa tayala mkati. Camber ya madigiri awiri yokhala ndi toe yowongoka imadya mkati pang'onopang'ono, ndipo kwa munthu wokhota mwamphamvu imapulumutsa phewa lakunja. Imene imapha tayala ndi camber yophatikizana ndi toe yotsegukira kunja, zomwe zimachitika mukatsitsa galimoto osapita ku alayimenti. Magalimoto ambiri amatuluka ku fakitale ndi camber yosapitirira digiri imodzi kutsogolo, yochepa pabwalo. Madigiri 2 mpaka 2.5 ndi pabwino kwa galimoto yogwira ntchito zonse ziwiri. Kupitirira 3 ndi kwa galimoto yokhalira pabwalo. Musanalipire alayimenti, amakaniko aone mabushi ndi ma ball joint, chifukwa manambala oikidwa pa zitsulo zogwedera amathawa mukangotuluka pageti.

Tayala lakutsogolo kumanzere limatha msanga kuposa anzake ngakhale zonse zili bwino, poti pama roundabout athu timazungulira chakumanja ndipo kulemera kumagwera kumanzere. Zigamba zodyeka modumphadumpha kuzungulira tayala ndi mashoko otha. Malo amodzi aphwatalala ndi mabuleki amene anagwira gudumu likutsetsereka.

Kusinthanitsa matayala makilomita 5,000 mpaka 8,000 alionse kumathandiza, ngati galimoto ikulola. Tayala la muvi pakhoma limangosuntha kutsogolo ndi kumbuyo mbali yomweyo. Lolembedwa Outside likhoza kuwoloka mbali. Galimoto ya matayala aakulu kumbuyo, ngati 350Z, singasinthe kutsogolo ndi kumbuyo. Subaru yoyendera magudumu onse anayi imafuna matayala onse akhale ofanana kudyeka; limodzi latsopano pakati pa atatu okutha limavutitsa diff yapakati, imene imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mtengo wake umaposa wa matayala anayi.

Mtundu wa tayala

Pakhoma pali nambala ya Treadwear, yosonyeza kukhalitsa kwa tayala: ikakhala yaikulu, tayala limatha mochedwa. Si muyeso wodalirika pakati pa makampani osiyana, koma imakuuzani banja la tayalalo. Michelin Pilot Sport 4S ili pa 300: imagwira pamvula, imakhalitsa, ndipo imapirira maulendo ochepa pabwalo isanatenthe n'kuyamba kuterera. Mukaiumiriza ili yatsopano, mizere yake yakuya mamilimita 7 kapena 8 imagwedezeka, kutentha, n'kubenthuka tizidutswa paphewa. Bridgestone Potenza RE-71RS ndi Yokohama Advan A052 zili pa 200: zimagwira kwambiri pouma, zimatha msanga, ndipo pamadzi odikha zimafuna ulemu. Toyo R888R ili pa 100 ndipo ndi ya pabwalo. Pamsewu imalira, imatola timiyala, siifika pa kutentha kwake, ndipo kutentha n'kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumaiumitsa mizere isanathe. Munthu wopita ku ntchito ndi R888R m'mwezi wa January akulipira madola ambiri kuti agule tayala loipa pa ntchito imene akulipatsa.

Onaninso chilembo cha liwiro ndi nambala ya katundu. V ndi 240 km/h, W ndi 270, Y ndi 300. 91 ndi makilogalamu 615, 94 ndi 670. Chilembocho chimanenanso za kupirira kutentha, choncho musatsike pansi pa chimene opanga galimoto analemba ngakhale simufika liwiro limenelo.

Matayala a kaunjika ndi amene amakopa ambiri, poti mizere imaoneka yakuya ndipo mtengo ndi wofikirika. Pa galimoto yothamanga ife sitiwavomereza, koma ngati thumba lakana, werengani manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lopitirira zaka zisanu mphira yake yauma ndipo siligwira ngati kale, lopitirira zaka khumi n'lotaya. Lionereni mkati lisanavekedwe parimu. Ufa wakuda kapena mkombero wopekeseka pakhoma lamkati ndi umboni woti linayendetsedwa litaphwa. Chigamba chapaphewa, kapena chingwe chobaya kuchokera kunja, sichilowa m'bwalo. Bowo lovomerezeka kumata ndi la pakati pa mizere, losapitirira mamilimita 6, lomatidwa kuchokera mkati.

Timizere topingasa tam'ngalande za tayala tili pa mamilimita 1.6. Kudikira kufika pamenepo n'kotheka m'chilimwe, koma mvula ikamayandikira, tayala lalikulu la mamilimita 245 kapena 265 m'lifupi lisatsike pansi pa mamilimita atatu.

Tikaziika pamodzi, amene galimoto yake siiona bwalo atsatire nambala ya pachitseko, awonjezere 0.1 kapena 0.2 chifukwa cha maenje, agule matayala a banja la 300, ndipo apite ku alayimenti akagunda dzenje lomveka m'mano. Wopita ku Donnybrook kawiri kapena katatu pachaka akhale ndi matayala omwewo, koma aphunzire njira yachinayi ndipo asapitirire maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi osapumitsa. Wopita mwezi ndi mwezi agule marimu ena anayi, makamaka ochepera ndi inchi imodzi ngati mabuleki akulola, chifukwa matayala a 17 ndi otchipa kuposa a 18. Aike pamenepo matayala a 200 kapena 100, awalembe ndi choko mbali imene anachokera, ndipo aziwasunga m'nyumba mopanda dzuwa, kutali ndi jenereta ndi mafuta. Pomanganso magudumu agwiritse ntchito sipanala yoyeza mphamvu, 120 Nm pa Toyota 86, ndipo abwereze kumanga akazungulira ulendo woyamba mabuleki atazizira.